Ubongo Watsopano

Ndinamugula Loweruka mumsewu wa Malangalanga
kwa mnyamata wa ndolo khutu limodzi,
atamukulunga m'pepala lonona mafuta a chipisi,
akulumbira pali malemu amake
kuti purosesa ameneyu amathamanga
ngati minibasi ya ku Kawale ikaona apolisi.

Zikwi makumi asanu ndi atatu.
Ndalama ya lendi.
Nachuma ndinamuuza kuti ndapita kokameta.

Ku Mchesi ndinatseka chitseko,
ndinamasula masikuluwu anayi,
fumbi la zaka zisanu ndi ziwiri linandilonjera m'mphuno,
kangaude anasamuka osatsanzika.
Wakale uja ndinamuzula ngati dzino la mwana
n'kumuika m'kabokosi ka machesi pawindo.
Watsopano ndinamugoneka pamphasa pake,
ndinamudzoza mafuta otuwa pamphumi,
kadontho ngati njere ya mpunga,
n'kudina batani.

Fani anazungulira. Anaima.
Anazunguliranso. Anaima.
Sikirini bii!

Choyamba ndinanamizira a magetsi,
monga aliyense wokulira mumzinda uno,
koma babu anali ngwee pamutu panga.
Ndinazula ramu, kuipukuta ndi labala wa pensulo,
kuikankha mpaka italira kuti khethe.
Ndinachotsa kabatire konga khobidi kaja,
ndinawerenga mpaka makumi atatu,
ndinapitirira mpaka zana chifukwa cha mantha.
Waya uyu, waya uyo.
Bii!

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.
Wangayu anandimeta mpala wopanda madzi.

Ndipo mawa a Chikakuda abwera
kudzatenga makadi a ukwati wa mwana wawo,
mazana awiri, a maluwa ofiirira m'mbali,
mayina onse a ankhoswe ali m'mimba mwa bokosi ili
lomwe likupuma ngati mbuzi yodya pulasitiki.

Ndinaimbira Gwaza ndi mayunitsi obwereka.
Anayamba waseka, akutafuna kanthu,
kenako anati: Aise, mazabodi wakoyo ndi wachikale,
chilankhulo cha mlendoyo sachidziwa.
Bwezera mwini nyumba,
ayatse moto, utsitse bayosi yatsopano,
aphunzitse makoma dzina la wobwerayo.
Akatero ndiye umuchotse.
Wakaleyo ulipo naye, eti?

Pawindo panalibe kabokosi.

Ndinamupeza kuseri, pafupi ndi mpopi,
m'sitolo ya Yankho ya zitini ndi njerwa,
momwe mchenga ndi shuga, masamba ndi makwacha.
Purosesa wanga anali ndalama yaikulu ya m'sitolomo,
atagula kale sopo wadothi kawiri.
Mwini sitolo, wa zaka zisanu, anakana ngongole.
Ndinamuwombola ndi mtengo wa mafilizesi awiri.

Timano take tagolide tinali ndi mchenga,
kamodzi katapindika ngati msana wa wosenza makala.
Ndinapempha singano.
Nachuma anabwera nayo yekha,
anagwira tochi ya foni osanena kanthu,
mpweya wake uli pakhosi panga,
ine ndikuwongola kadzino kamodzi
ndi manja amene sanaphunzirepo kupepesa.

Pii.
Kamodzi kokha, kafupi,
ngati mwanapiye woyamba kuswa dzira.
Zilembo zoyera zinatuluka mumdima.
Nkhalamba ija inadzuka, inasesa pabwalo,
inatchula dzina la woilowa m'malo
pang'onopang'ono, mzere wobiriwira ukukwawa,
ife tikupempha kuti magetsi asaphethire.

Itatha ntchito ndinaizulanso.
Sinadandaule.

Tsopano makadi akutuluka otentha,
bokosi likuthamangadi, mnyamata uja sananame.
Wakale ndamukulunga m'kansalu ka magalasi,
ali m'chikwama pamodzi ndi chiphaso changa.

Kunja agalu a ku Biwi ayamba msonkhano wawo.
Nachuma wazimitsa tochi,
wabaya singano pachitenje chake,
wandiyang'ana tsitsi lomwe silinametedwe
n'kufunsa mofatsa, ngati wofunsa nthawi:
Ndiye kumetako
anakutchajani zingati?